DZUWA LIKAMALOWA, JAMBULANI NDI MANJA ODEKHA

Amayi anzanga, palibe nthawi imene imatitangwanitsa pakhomo kuposa ya chisisira. Ndiyo nthawi yosonkha moto, yotereka madzi a nsima, yosambitsa ana, yolowetsa mbuzi m'khola ndi yoanula zovala pachingwe. Pamene ife tawerama pamafuwa kapena pambaula, kumadzulo thambo limakhala litafiira psuu, mitambo itavala chikasu, koma ambiri a ife timangoziona modutsa. Pomwe tizidzati tiweramuke, kunja kwada kale.

Masiku ano m'mabanja ambiri, m'tauni ndi m'midzi momwe, muli foni yokhala ndi kamera, ndipo mwina inunso munayesapo kujambula kukongola kumeneku. Kodi chinatuluka nchiyani? Kawirikawiri thambo limaoneka loyera mbee, ana amene munawaimika patsogolo nkukhala akuda bii, ndipo zonse zimaoneka mwachimbuuzi ngati mwajambula muli pagalimoto yothamanga. Musafulumire kunyoza foni yanu kuti ndi yotchipa. Chithunzi cha madzulo chimalira zinthu zitatu zimene sizigulidwa m'sitolo: kukonzekera nthawi isanakwane, kugwira kamera mosagwedeza, ndi kudziwa chimene mukufuna kuonetsa.

Tivutikirenji ndi zithunzi?

Wina angafunse kuti mayi wa pabanja, amene ntchito zamuchulukira kale, angatayirenji nthawi ndi zoterezi. Taganizani za mwana wanu amene ali ku Johannesburg, ku Harare kapena ku London, kapena za bambo a kunyumba amene akugwira ntchito kutali. Mawu a pafoni amawauza kuti muli bwino, koma chithunzi cha pakhomo, chooneka mtengo wa mango umene anakwerapo ali mwana ndi phiri limene dzuwa limabisalako, chimawakumbutsa kuti ali ndi kwawo.

Taganizaninso za adzukulu. Midzi yathu ikusintha. Mitengo ikuluikulu ikudulidwa, ndipo nkhokwe zikuchepa pakuti ambiri akusunga chimanga m'matumba m'nyumba. Chimene sichinajambulidwe lero, mawa tidzachifotokoza ndi pakamwa pokha.

Kale mwayi umenewu panalibe. Wojambula ankabwera panjinga dzuwa lili pamutu, filimu yake inali ya zithunzi 24 kapena 36, ndipo anthu ankaima chilili atavala zapatchuthi, nkudikira masiku kuti zithunzi zitsukidwe. Nchifukwa chake m'mabuku athu a zithunzi zakale simupezeka kawirikawiri chithunzi cha madzulo. Kamera yoyamba yosafuna filimu anaipanga Steven Sasson wa kampani ya Kodak m'chaka cha 1975, ndipo inkatenga masekondi 23 kuti isunge chithunzi chimodzi chopanda mitundu. Lero foni imene mwamanga pansonga ya chitenje imajambula m'kuphethira kwa diso, ndipo mungayese kakhumi osalipira kanthu.

Dziwani nthawi yake

Dziko lathu lili m'chigawo chotentha, kumene dzuwa limatsika mowongoka ndipo mdima suchedwa. Ku Ulaya chisisira chimatalika, makamaka m'miyezi yawo yotentha, koma kuno dzuwa likangokhudza m'munsi mwa thambo limamira lonse m'mphindi zosakwana zitatu, ndipo pakapita mphindi 20 kapena 25 kuwala kwenikweni kumakhala kwatha. Ku Lilongwe dzuwa limalowa cha m'ma 5:20 m'mwezi wa Juni, ndipo cha m'ma 6:20 m'mwezi wa Januwale. Choncho tsiku limene mwatsimikiza kujambula, phikiranitu ndiwo, tunganitu madzi, ndipo mukhale pamalo anu patatsala theka la ola. Musasiye mphika pamoto popanda wamkulu wouyang'anira, pakuti palibe chithunzi chimene chingalipire bala la moto pathupi la mwana.

Dziwaninso kuti dzuwa sililowera malo amodzi chaka chonse. Mu Malichi ndi mu Seputembala limalowa kumadzulo kwenikweni. Mu Juni limapendekera kumpoto, ndipo mu Disembala limapendekera kumwera. Ngati mukufuna kuti lidzaoneke likumira pambali pa mlambe kapena pakati pa mapiri awiri, liyang'anitsitseni kwa masiku angapo muone pamene likulowera.

Nanga kufiira kuja kumachokera kuti? Kuwala kwa dzuwa kuli ndi mitundu yonse imene timaiona mu utawaleza. Madzulo kuwalako kumadutsa mtunda wautali mumpweya kusanafike m'maso mwathu, ndipo panjira mtundu wabuluu umamwazikana, nkutsala wofiira ndi wachikasu. M'chilimwe, makamaka mu Seputembala ndi Okutobala, fumbi ndi utsi wa moto wa m'tchire zimaphimba dzuwa kotero kuti limaoneka ngati mbale yofiira yopanda cheza, ndipo limakhala losavuta kujambula. M'dzinja, mvula ikakata madzulo, mpweya umakhala woyera ndipo mitambo imalandira mitundu yowala zedi. Thambo lopanda mtambo ndi umodzi womwe silipatsa chithunzi chokoma kwenikweni. Mitambo yapatalipatali ndiyo ndiwo zake.

Musachoke dzuwa likangomira. Kawirikawiri mitundu yokongola koposa imadza pakapita mphindi 10 kapena 15, pamene dzuwa likuwalitsa mitambo kuchokera kunsi. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Mdani wamkulu ndi kugwedezeka

Kamera ili ngati diso lokhala ndi chikope. Mukadina batani, chikopecho chimatseguka kuti kuwala kulowe, kenaka chimatseka. Masana dzuwa likuswa mtengo, chimatseguka kwa gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi, kapena mofulumira kuposa apo, ndipo ngakhale dzanja litanjenjemera chithunzi sichionongeka. Madzulo kuwala kukachepa, kamera imasiya chikope chili chotsegula nthawi yotalikirapo, monga gawo limodzi mwa magawo 30 kapena 15 a sekondi. Kwa ife nthawi imeneyi ndi yochepa, koma kwa kamera ndi yokwanira kuti kugwedezeka pang'ono kwa dzanja kupake chithunzi chonse chimbuuzi. Apa ndiye pagona nkhani yonse ya kujambula madzulo.

Choyamba, pukutani kagalasi ka kamera ndi kansalu kofewa ndi koyera. Manja athu amagwira mafuta, ufa ndi sopo, ndipo kadontho kamodzi ka mafuta pagalasi kamachititsa kuti kuwala kwa dzuwa kuoneke ngati nkhungu.

Chachiwiri, gwirani foni ndi manja awiri, zigongono zitatsamira m'nthiti, miyendo itatalikirana pang'ono monga muchitira potula mtsuko wodzadza. Pumirani kunja pang'ono, imani duu, ndipo khudzani batani mofatsa, osati molibaya. Mafoni ambiri amajambulanso mukadina batani la m'mbali lokwezera mawu, ndipo ena amapeza kuti limeneli ndi losavuta.

Chachitatu, funani chotsamira. Akatswiri amaika kamera pachoimikira cha miyendo itatu, koma inu muli nazo zambiri pakhomo. Tsamirani pakhoma, pamtengo kapena pamzati wa khonde. Vundikirani mtondo, ikani pamwamba pake kathumba ka nyemba kapena ka mpunga, ndipo khazikani foni m'kathumbamo. Kadzaigwira bwino lomwe ndipo mungaipendeketse monga mufunira.

Chachinayi, foni ikakhazikika chotero, gwiritsani ntchito kachizindikiro kooneka ngati wotchi, kotchedwa timer. Sankhani masekondi ochepa amene alipo, monga 2, 3 kapena 5, dinani batani, ndipo chotsani dzanja. Foni idzajambula yokha itasiya kugwedezeka. Mukasankha masekondi 10 mungathe kuthamanga nkukaima pamodzi ndi ana. Chitani chimenechi kawirikawiri, amayi, pakuti m'mabanja ambiri wojambula ena ndiye amasowa m'zithunzi.

Pomaliza, pewani kukokera chinthu pafupi potambasula zala pasikirini. M'mafoni ambiri kuteroko nkungodula chithunzi ndi kuchikulitsa, ndipo kumakulitsanso kugwedezeka konse. Ngati mtengo waoneka kutali, yendani muuyandikire.

Uzani foni chimene mukufuna

Maso athu amatha kuona thambo lowala ndi nthaka yamdima nthawi imodzi, koma kamera imavutika kutero. Mukaisiya kuti isankhe yokha, kawirikawiri imayesa kuwalitsa nthaka, ndipo potero imafufuta mitundu ya thambo. Mankhwala ake ndi apafupi. Khudzani sikirini pamalo owala a thambo, pambali pa dzuwa. Padzaoneka kabokosi kapena kabwalo, ndipo pafupi pake kachizindikiro ka dzuwa kapena kamzere kotsetsereka. Kokerani kachizindikiroko kumbali yochepetsa kuwala, pang'onopang'ono, kufikira kufiira kwa pasikirini kutafanana ndi kumene maso anu akuona. Chithunzi choderako pang'ono chimasunga mitundu, ndipo mungachiwalitse pambuyo pake. Koma thambo likayera mbee, mitundu yake yapita osabwereranso.

Zimitsani getsi long'anima la kamera, lija timati fulashi. Mphamvu yake imathera pa mamita awiri kapena atatu, motero silingawalitse phiri kapena nyanja. Limangoyeretsa udzu wa patsogolo ndi kuonetsa fumbi ndi tizilombo touluka.

Ngati foni yanu ili ndi zilembo zakuti HDR, ziyatseni pamene mukufuna kuti thambo ndi nthaka zioneke zonse ziwiri. Foni imajambula zithunzi zingapo, china chowala ndi china choderapo, nkuziphatikiza. Dzuwa likalowa ndipo mdima wayamba, sankhani pamene palembedwa Night. Pamenepo foni imasonkhanitsa kuwala kwa masekondi angapo, ndipo nkofunika kuti isasunthe mpaka itamaliza. Kathumba ka nyemba kaja kadzakuthandizani koposa.

Amene muli ndi kamera yeniyeni, kapena foni yokhala ndi gawo lolembedwa Pro, mudzaona zilembo zakuti ISO. Nambala yake ikakhala yochepa, monga 100 kapena 200, chithunzi chimatuluka chosalala, koma kamera imafuna kukhazikika. Ikakwera kufika pa 1600 kapena kupitirira, kamera imajambula msanga mumdima, koma chithunzi chimakhala ndi timadontho ngati mchenga. Ngati muli ndi potsamira, sankhani nambala yochepa. Ngati mukujambula ana oyendayenda, kwezani, pakuti chithunzi chamchenga chiposa chachimbuuzi.

Kuyala chithunzi

Mayi wodziwa kuyala m'nyumba saunjika mipando yonse pakati pa chipinda. Chimodzimodzinso ndi chithunzi. Dzuwa lokhalokha lili pakatikati silikopa maso nthawi yaitali, pakuti aliyense analionapo. Chimene chimasiyanitsa chithunzi chanu ndi cha wina ndi chimene mwaika patsogolo: mlambe, nkhokwe, denga la tchalitchi kapena la mzikiti, ng'ombe zobwera kudambo zikuutsa fumbi, ngolo, bwato, kapena mayi wosenza ndowa.

M'makonzedwe a kamera funani mawu akuti Grid, ndipo muwayatse. Pasikirini padzaoneka mizere iwiri yoimirira ndi iwiri yopingasa, yogawa chithunzi m'zigawo zisanu ndi zinayi. Ikani dzuwa, mtengo kapena munthu pamene mizereyo yadutsana. Mzere wokumanirana thambo ndi dziko usadule chithunzi pakati: ngati mitambo ndiyo yakongola, utsitseni ukhale pamzere wa m'munsi kuti thambo litenge magawo awiri mwa atatu; ngati madzi ndiwo akunyezimira, ukwezeni ukhale pamzere wa m'mwamba. Ndipo uwongoleni. Nyanja yopendekeka pachithunzi imaoneka ngati madzi akutayikira kumbali.

Musanadine batani, yendetsani maso m'mphepete monse mwa sikirini. Kodi mulibe chingwe cha zovala, chimbudzi, mapepala a pulasitiki kapena waya wa magetsi wodutsa pankhope ya dzuwa? Kodi mtengo sukuoneka ngati wamera pamutu pa mwana? Kusuntha mapazi awiri okha kumakonza zambiri. Yesaninso kugwada kapena kunjuta, chifukwa mukajambula muli pansi, anthu ndi ziweto zimakwera pamwamba pa mdima wa nthaka nkuoneka bwino pathambo lowala.

Kujambula anthu

Pali njira ziwiri, ndipo muyenera kusankha imodzi. Yoyamba ndi kulola kuti munthu aoneke wakuda, ngati chithunzithunzi, thambo lofiira lili kumbuyo kwake. Pamenepa nkhope siioneka, choncho chofunika ndi maonekedwe a thupi. Muimikeni cham'mbali kuti mphuno, duku, mwana wa kumbuyo kapena musi uli m'manja zizindikirike. Ngati ali angapo, atalikirane pang'ono kuti asaoneke ngati chulu chimodzi.

Njira yachiwiri ndi ya nkhope. Fulatirani dzuwa inuyo, kapena likhale kumbali kwanu, kuti kuwala kugwere pankhope ya amene mukumujambula. Ola lomaliza dzuwa lisanalowe limapatsa kuwala kofewa, kwachikasu, kumene kumakometsa khungu lathu kuposa dzuwa la masana lochititsa munthu kutsinzina ndi kuika mithunzi m'maso. Imeneyi ndiyo nthawi yojambula agogo atakhala pamphasa, kapena mwana wamkazi atavala chitenje chake chatsopano. Ngati mukufunitsitsa kuti nkhope ioneke ndi dzuwa lomwe, pemphani wina atambasule nsalu yoyera patsogolo pa munthuyo, chakumbali, kuti ibwezere kuwala kunkhope. Ana auzeni kuti aime chete kufikira mutawerenga katatu, ndipo jambulani kangapo kuti musankhepo chimodzi.

Nthawi zonse muzicheuka. Kawirikawiri chithunzi chabwino chimakhala kumbuyo kwanu. Amayi a ku Mulanje amadziwa mmene thanthwe lalikulu la Chambe, loyang'ana kumadzulo, limafiirira dzuwa likapendeka. Khoma la njerwa zootcha, munda wa chimanga chouma ndi phiri lililonse loyang'ana kuzambwe zimachitanso chimodzimodzi.

Kwa amene muli kunyanja ndi kumtsinje

Si gombe lililonse limene limaona dzuwa likumira m'madzi. Ku Senga Bay, ku Nkhotakota ndi ku Nkhata Bay nyanja ili kuvuma, motero dzuwa limatuluka m'madzi m'mawa nkukalowa kumtunda. Amayi a kumeneko angajambule mbandakucha potsata malangizo omwewa, kapena madzulo alunjike kunyanja pamene mabwato a asodzi a usipa akunyamuka ndi nyali zawo. Dzuwa lomira m'nyanja limaoneka ku Cape Maclear m'boma la Mangochi, kumene mudzi wa Chembe wayang'anana ndi chilumba cha Thumbi, komanso kumadzulo kwa chilumba cha Likoma ndi kugombe la Mozambique, monga ku Metangula. Kumtsinje wa Shire, imani kutsidya la kuvuma kuti madzi ndi migwalangwa zikhale pakati pa inu ndi dzuwa.

Koma chenjerani. Chisisira ndi nthawi imene mvuu zimatuluka kukadya ndiponso ng'ona zimayendayenda, choncho musaime m'mphepete mwenimweni mwa madzi, ndipo ana akhale pafupi nanu. Ndi nthawinso ya udzudzu, fundani bwino. Musapite nokha kumalo obisika chifukwa cha chithunzi. Ndiponso musayang'ane dzuwa mwachindunji likadali lowala, makamaka kudzera m'galasi lokulitsa la kamera, pakuti lingaononge maso, yang'anani pasikirini.

Ulemu ndi kusunga

Safunsa anadya phula. Madzulo padooko pamakhala amayi akusamba ndi kuchapa, ndipo si chinthu chaulemu kuwaloza ndi kamera. Ngakhale munthu adzaoneka ngati chithunzithunzi chabe, yambani mwamupempha, ndipo mukajambula muonetseni. Mwana wa mnzanu musamuike pa Facebook kapena pa WhatsApp makolo ake asanavomere.

Mukafika kunyumba, nsima itadyedwa, khalani pansi musankhe. Pa zithunzi khumi sungani ziwiri, ndipo kuti mudziwe chakuthwa, chikulitseni pasikirini muone ngati nthambi za mtengo zikuoneka bwinobwino. Musachithire mitundu yonyanyira. Ndiwo zochuluka mchere sizidyeka. Potumiza pa WhatsApp dinani pamene palembedwa HD, chifukwa mukapanda kutero chithunzi chimachepetsedwa mphamvu panjira. Ndipo popeza foni imabedwa, imagwera m'madzi kapena kungofa, tengani zithunzi zimene mwazikonda koposa mukazitsukitse pa pepala kwa ojambula a m'tauni kapena a pamsika waukulu. Kuseri kwake lembani tsiku, malo ndi maina a amene ali pamenepo.

Tsono sabata ino sankhani tsiku limodzi. Lero lomwe yang'anani pamene dzuwa likulowera, ndipo muone chimene mungaike patsogolo pake. Pa tsikulo fulumizani zapamoto, pukutani galasi, konzani mtondo ndi kathumba kanu, ndipo muitane a pabanja panu. Chithunzi choyamba mwina sichidzakukondweretsani, koma dzuwa lidzalowanso mawa, ndipo dzanja limaphunzira pochita monga linaphunzirira kuomola nsima. Mukapeza chimene chakukhalani pamtima, tumizani kwa wanu amene ali kutali, ndipo china mupachike pakhoma kuti ana akule akuona kuti kwawo nkokongola.